Nthambi za Kumanda M'munda mwa Edina

Ine ndine Makisoni wa kwa Kuntumanji, kuno m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Sukulu sindinaipondeko, koma zilembo ndinazidziwa tsiku limodzi lokha poyang'ana thumba la feteleza, ndipo pofika madzulo ndinali kukonza aphunzitsi. Nyanjayi ndaiona ikuuma kasanu ndi kawiri. Ulendo wina ndinaiwoloka wapansi mpaka ku chilumba cha Chisi, bwato lili pamutu kuopa kuti madzi angandipeze panjira. Mlamba umene ndinagwira ndili mnyamata unadyedwa ndi midzi itatu, chigaza chake n'kusanduka khola la nkhuku. Ndanena izi kuti mudziwe kuti akulemba pano si munthu wogonja. Koma mwana mmodzi anandigonjetsa, Aubrey, mwana wa mlongo wanga.

Mlongo wangayo ndi Edina, mayi wa Mvano, munthu woti pakhomo pake ungagwetse singano n'kuitola osafufuza. Pakhomo paja tsiku linkayamba ndi pemphero n'kuthanso ndi pemphero. Mwamuna wake Meshack anali mmisiri wa matabwa, ndipo anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Tsiku lomanga chiliza, Edina anabzala mbawa kumutu kwa manda, chifukwa ndi mtengo umene malemu ankaukonda pantchito yake. M'manda mwathu monse, mbawa inali imodzi yomweyo.

Ana anali awiri. Tamara, wamkulu, khasu linkamumvera. Aubrey anasiya sukulu ali fomu 2, ndipo ulesi wake sindinauonepo kwina: ntchentche ikamutera pamphuno ankadikira mphepo kuti idzaichotse.

Munda unali umodzi, wotopa. Chimanga chake nkhuku inkathyola itaima. Ndiye boma litabweretsa ndondomeko yobzala mitengo m'minda, Edina anati Mulungu wamva. Mlangizi wake, Mayi Falida, anatisonkhanitsa pabwalo la mpira mwezi wa Okutobala.

"Mvetsetsani," anatero. "Munda ukhale wanu, wodziwika ndi abale. Dambo ayi. Malo amene nyanja yaphwa ayi. Munda umodzi, dzina limodzi. Mvula ikagwa mudzalandira mbande mazana awiri, za kesha ndi msangu, ndi thumba la feteleza. Ndikadzawerenga mitengo n'kuipeza yamoyo, matumba ena awiri. Koma wolandira osabzala, munda wake ufufutidwa zaka zisanu."

Pomva za matumba, Aubrey anaimirira msanga koyamba chibadwire.

"Ndilembeni ine."

"Munda wanu uli kuti, achimwene?"

"Kunyanjaku kwaphwa malo ambiri."

"Amenewo eni ake ndi madzi, ndipo akubwera," anatero mlangizi, anthu n'kuseka.

"Nanga wa amayi?"

"Abwere okha, kapena atume munthu ndi chitupa chawo."

Aubrey anafika kunyumba milomo itatalika ngati ya ng'ona. Ine monga malume wake, mwinimbumba, ndinamukhazika pansi.

"Iwe Aubrey, kuno munda ndi wa akazi. Wa amayi akowu udzakhala wa Tamara. Iwe udzalima kuchikamwini, ngati alipo amene adzakufune. Boma silinakulakwire."

"Ndiye ine ndine galu pakhomo pano?"

"Galu amalondera," ndinatero.

Edina anandiyang'ana kuti ndikhale chete. "Mwana wanga, thandiza mlongo wako kukumba maenje. Zikabereka tidzadya tonse. Lachinayi Tamara akalembetsa."

Aubrey anali ndi mnzake dzina lake Wisdom, wakabaza wa ku Songani, mnyamata wa lilime lothira mafuta. Zimene anakambirana anadzaulula yekha Aubrey pambuyo pake.

"Mwamuna wamkulu ngati iwe kudikira zotsala za mlongo?" anatero Wisdom. "Mlangizi sanati atume munthu ndi chitupa? Tenga chitupacho. Zinthu zidzatuluka m'manja mwako."

"Amayi akadziwa?"

"Adzakuyamika. Zaboma zilibe mwini, aise. Osadya iwe adya wina."

Chitupa Edina ankachisunga m'buku la nyimbo. Lachiwiri Aubrey anachisolola, n'kukauza mlangizi kuti amayi ake akudwala miyendo ndipo atuma iye. Lachinayi Tamara atapita, anamubweza kuti munda unalembedwa kale, ndipo wolandira katundu ndi mchimwene wake.

Ndinathamangira kwa Edina liwiro loti fumbi langa linafika mawa lake.

"Chemwali, mwanayu waba chitupa. Tiyeni tikasinthe dzina lero lomwe."

"Achimwene, wangofuna kuthandiza. Kodi mwana akayamba kusintha timumenye?"

"Khoswe akalowa m'nkhokwe sakuthandiza kutonola."

"Inu mumamuda," anatero, n'kupitiriza kupeta mpunga wake.

Edina ndi Tamara anakumba maenje mazana awiri m'nthaka youma ya Novembala, yolimba ngati chitsulo. Ine ndinakumbako atatu okha chifukwa ndikamenya mwamphamvu ndimatulutsa madzi. Aubrey sanagwireko khasu. Ankati iye ndi wa zamapepala.

Mvula inagwa mu Disembala. Galimoto yaboma inatsitsa katundu kusukulu, Aubrey n'kusainira. Thumba ndi mbande zinakwera njinga ya Wisdom, koma njingayo sinayang'ane kumudzi. Feteleza anagulidwa ndi wamalonda pa Songani, mbande n'kutengedwa ndi munthu wina wa kuphiri. Masiku atatu Aubrey anali pa kachasu ndi kanyenya, akuyitanidwa bwana.

Atabwera, maso ali psuu, amayi ake anamufunsa:

"Anzathu onse abzala. Zathu zili kuti?"

"Tili m'gulu lachiwiri, amayi. Mukudziwa zaboma."

"Gulu lachiwiri likununkha kachasu," ndinatero ine. "Aubrey, nena zoona pakadali nthawi. Mbande tingathe kupempha kwa anzathu, tikwirire maenjewa mlangizi asanabwere."

"Amalume, inu zamapepala simuzidziwa."

Ine, munthu amene ndinawerenga thumba la feteleza mbali zonse ziwiri. Ndinauza Edina kuti ndikukafunsa ndekha kwa mlangizi, koma anandigwira mkono, misozi ili m'maso.

"Musamuchititse manyazi pa anthu. Ndi mwana wamasiye."

Ndinamvera, ndipo kumvera kumeneko ndimakudandaula mpaka lero.

Kumapeto kwa Januwale uthenga unafika kuti Mayi Falida adzawerenga mitengo Lachitatu m'mawa. Aubrey anathamangira kwa Wisdom.

"Zophweka," anatero Wisdom. "Aboma saŵerama. Amaima m'mphepete, kuyang'ana zobiriwira, kulemba, basi. Dula tinthambi, uzike m'maenjemo. Matumba awiri aja ndi athu."

"Mitengo ndiipeza kuti? Kwathu konse n'chipululu."

"Kumanda kulibe mitengo?"

"Kumanda salowa wamba."

"Akufa sadandaula kwa mlangizi."

Lachiwiri madzulo Aubrey anauza amayi ake kuti mbande zafika, zili kwa mnzake, ndipo abzala yekha m'mamawa, iwo apume. Edina anaimba nyimbo yoyamika, n'kumuphera nkhuku.

M'mamawa analowadi kumanda ndi chikwanje. Mitengo yakalekale ndi yaitali, yofuna kukwera, ndipo kukwera ndi ntchito. Panali umodzi wokha wa nthambi zofikirika munthu ataima pansi. Anausadza wonse mpaka kunsonga.

Ine, Edina ndi Tamara tinafika kumunda dzuwa litakwera pang'ono, ndipo kuchokera patali munda unali wobiriwira, mizere yowongoka. Aubrey anatiimika m'mphepete kuti tisaponde mbande. Edina anandiyang'ana monga akuti, mwaona? Ndinatsala pang'ono kupepesa, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire.

Koma njinga yamoto ya mlangizi inatitimira m'matope kufupi ndi mtsinje wa Likangala. Tinadikira. Dzuwa la kuno mukulidziwa. Ine ndinaotcherapo matemba pachipewa. Pofika masana tinthambi tija tinayamba kuweramitsa mitu ngati anthu a pamaliro. Mayi Falida anafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, ndipo sanaime m'mphepete. Analowa m'munda, n'kuŵerama.

"Kesha wanu ali ndi masamba achilendo," anatero.

"Ndi mtundu watsopano," anayankha Aubrey.

Mlangizi anakoka kanthambi kamodzi. Kanatuluka mosavuta, kopanda muzu, kumunsi kosongoka ndi chikwanje. Anakoka kachiwiri, kachitatu, mpaka khumi. Kenaka anatsegula buku lake.

"Mayi, mundawu unalandira mbande ndi feteleza mu Disembala. Siginecha ndi iyi. Ndiwufufuta."

"Amayi sanadziwe kanthu," anatero Tamara. "Onani manja angawa. Maenje onsewa takumba ife."

"Ndikuwaona, mwana wanga. Koma dzina ndi la amayi, munda ndi womwewu. Ndikakusiyani inu, mawa mudzi wonse uzika nthambi."

Ndinayankhula ine, amene ndinanyengererapo mvuu kuti ichoke m'munda wa mpunga. Mlangizi sanasunthe. Zaka zisanu.

Edina sanali kumva zonsezo. Anali atatola kanthambi kamodzi, akukatembenuza m'manja. Anakanunkhiza.

"Aubrey."

"Amayi."

"Iyi ndi mbawa."

Mnyamata anayang'ana pansi.

"Kuno mbawa ilipo imodzi. Ndinaibzala ndi manja angawa." Sanakweze mawu. "Wavula bambo ako kuti unamize boma."

Anayenda mzere ndi mzere kuzula tinthambi tonse, n'kutimanga m'chitenje chake ngati mwana. Sanalole munthu kumuthandiza.

Mawa lake tinapempha chilolezo, n'kulowa kumanda ndi adzukulu, anthu okumba manda. Mbawa inaima yokha ngati mzati, utomoni ukuchucha pa chiliza cha Meshack. Mlandu wolowa kumanda unadya mbuzi imodzi yokha imene banjalo linali nayo. Mtengowo sunaphukenso.

Aubrey anathawira ku Songani. Wisdom atamuona anati, "Ine ndinangonyamula katundu, ntchito yanga ndi imeneyo," n'kupalasa njinga. Kuchoka apo Aubrey anakabisala pakati pa nyanja, m'zimbowera, tizisakasa ta asodzi toyandama pa mabango, kumene udzudzu wake umanyamula munthu ndi mphasa yomwe.

Chaka chimenecho anzathu analandira matumba awo awiri. Munda wa Edina unatulutsa chimanga chosadzaza ngolo ya mwana. Tamara, amene sanalakwe kanthu, anakhala miyezi inayi m'madzi ku Likangala, kuchita ganyu m'minda ya mpunga ya anthu ena kuti amayi ake adye.

Aubrey anabwera mu Julayi, ataonda moti anadutsa pampanda osatsegula chitseko. Anagwada pakhomo n'kuulula zonse. Ine ndinati achoke. Edina anati akhale, koma anamupatsa khasu asanamupatse madzi akumwa.

Lero Aubrey akutola mapaketi a chibuku m'misika, omwe aja ankawakhuthula kale, kudzazamo dothi n'kufesamo njere za kesha. Madzi amatunga yekha kumjigo. Palibe thumba limene likumudikira. Pamaenje mazana awiri aja wadzaza khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo mbuzi za eni zadyapo mitengo isanu. Kumanda amayi ake sanamulole kubzala mtengo wina. Amati bambo ake ayambe aona mthunzi m'munda.

Inu ana amene mukuwerenga izi kusukulu kapena kutchalitchi, ine ndanenapo zambiri pamoyo wanga, koma apa sindikuwonjezera ngakhale tsamba. Zaboma zili ndi mwini: mwini wake ndi mayi amene dzina lake lalembedwa, ndi mlongo amene wakumba maenje. Ulesi umayitana kuba, kuba kumayitana bodza, ndipo bodza likasowa pothawira limalowa ngakhale kumanda a bambo ako. Nanunso makolo, mwana akaba chitupa musati akuthandiza. Chopanda muzu chimabiriwira m'mawa wokha.

Munda wa Edina wangotha chaka chimodzi uli wofufutidwa. Zatsala zinayi.