Foni Imene Inagona Kundende

Lefina anakumana ndi Duncan pamzere wa feteleza wotsika mtengo ku Lisasadzi. Duncan, mlembi wa komiti yogawa makuponi, anamuchotsa kumbuyo n'kumuimika kutsogolo.

"Duwa ngati iwe lisamapse ndi dzuwa," anatero.

Chaka chisanathe, anamutuma kukapereka envulopu ya makuponi abodza kwa wavenda. Tsiku limene apolisi ankamufunafuna, Lefina analandira uthenga pafoni kuchokera kwa Duncan: "Usanditchule, wapamtima wanga. Ukatuluka, nyumba ndi chigafa cha fodya n'zako."

Sanamutchule. Anakhala kundende zaka ziwiri. Duncan sanabwere, ngakhale ndi kasopo komwe.

Atatuluka, kwawo anamukana, munda wake atagawana kale. Anakakhala kunyumba ya mpingo yosungirako otuluka kundende, komwe ankaphunzira utelala. Kumeneko anamva kuti Duncan akukonza chinkhoswe ndi Princess, mwana wa a Kalekeni, mkulu wa mpingo.

Panyumbapo panali lamulo: wofuna kubwerera kwawo aime pamaso pa mudzi ndi mpingo, anene chimene analakwa. Akamulandira, munda amubwezere.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Lefina akaime pamaso pa mudzi, Duncan anatulukira panjinga.

"Switi wanga, mawa ungopepesa basi. Za munda ndikulankhulira ine."

"Nanga Princess?"

"Zimenezo n'za makolo. Mtima wanga uli kuno."

Lefina anapitiriza kupalasa makina. Kodi Duncan ankadziwa kuti ndende imasunga katundu wa munthu? Potuluka, Lefina anamubwezera zonse: chitenje, nsapato, ndi kafoni kake. Anali atakatchaja kale.

Pamsonkhano, a Kalekeni anati, "Mwana wanga, ulula zonse."

"Zonse, bambo?"

"Zonse."

Lefina anapita pamkeka wa amayi n'kupereka foni kwa Princess. "Maso anga anafooka kundende. Achemwali, tandiwerengerani. Nambalayo mukuidziwa."

Princess anawerenga mauthenga a Duncan, kuyambira wa za envulopu. Atafika pa nyumba ndi chigafa, anaima kaye. Malonjezo omwewo analinso mufoni ya Princess, koma a sabata yatha. Kenako anayambiranso mokweza.

Duncan anadzuka pang'onopang'ono, maso ali panjinga.

"Khalani pansi, alembi," anatero a Kalekeni. "Lefina, munda wako ukalime chaka chino."

Lefina anatenga foni yake n'kugwada pamaso pa Duncan, mwaulemu ndithu.

"Musadandaule, wapamtima wanga. Ine ndiye ndidzakubweretserani sopo."