Mendulo ya Ba Wilbroad

Ku Matero kunalibe nyumba yamtendere ngati ya Ba Wilbroad. Atapuma ntchito yoyendetsa basi, abwana awo anawapatsa ndalama yachitsulo yachikumbutso, yaikulu, yonyezimira, ili m'kabokosi. Iwo ankaitcha mendulo, ndipo mlendo aliyense ankaonetsedwa, afune asafune.

Mwana wawo Dalton atayamba kuyenda ndi Ricky, mnyamata wa maso ofiira wa ku Chibolya, bambowo anamuchenjeza.

"Uja azakudya wamoyo. Ndipo kabokosi aka usakagwire. Iyi siigula kanthu, ni ulemu wanga."

Koma Dalton, makutu gwa! Tsiku lina makolo ali kutchalitchi, analowetsa Ricky m'nyumba kukamuonetsa mendulo ija.

"Mendulo ya kuti?" Ricky anaseka. "Mendulo imankhala na kantambo. Ona nambala apa. Ni ndalama iyi, boi! Mudala wako aigoneka chabe, ise tili na njota ya mowa."

Dalton, chitsiru cha mwana, anaika ndalamayo m'thumba.

Pa kantemba kogulitsira zakumwa ka Ba Elesi ku Kanyama anaitanitsa mowa, Dalton n'kupereka ndalamayo. Mayiyo anaitembenuza ndalama ija, naiyesa ndi dzino, kenako anakuwa:

"Feki! Aba ndiye bamene batibweretsera ndalama za feki!"

Ricky anali atathawa kale, ndani akanamuona? Anthu anamugwera Dalton ndi mapulanga ndi miyala. Wina anagubuduza tayala, wina akufunsa amene ali ndi machesi. Mwamwayi mayi wina wa kwaya anamuzindikira, nawaimbira foni bambo ake.

Ba Wilbroad anafika ali wefuwefu, atavala jekete la kutchalitchi. Mwamuna wina anawaloza ndi ndalama ija kumaso.

"Imwe mudala, ni mwana wanu uyu? Kambani, ichi ni chani? Ngati ni ndalama, ni ya feki, timushoka na moto!"

Dalton anayang'ana bambo ake, magazi ali chuchuchu m'kamwa. Kuti apulumuke, panafunika bambowo anene zoona pamaso pa Kanyama yense.

"Ni mendulo yanga," anatero mwaukali. "Siyenda mumashopu, banaipangira chikumbutso. Uyu sapanga ndalama za feki. Ni kawalala chabe, anabera ine tate wake."

Anthu anaseka, ena anamulavulira, tayala lija analisiya.

Dalton anachira, koma mano akutsogolo anatsala ku Kanyama, ndipo diso lamanzere silionanso. Ndalama ija inabwerera m'kabokosi ili ndi chipsera cha dzino la Ba Elesi. Alendo akafunsa za mendulo, Ba Wilbroad amangoti, "Nilibe chokuonetsani muno." Amanena izi Dalton ali pomwepo.

Iwe mnyamata, ndikukuuza mosabisa: mnzako amene akukuphunzitsa kutcha chuma cha kholo lako dzina lina kuti uchibe, sadzakhalapo pa tsiku la miyala. Adzakhalapo ndi kholo lomwe unaliberalo, ndipo lidzakutcha wakuba ndi pakamwa pake.