Khoma la Nyumba ya Evaristo

"Masiku anga asanu ndi limodzi aja, amake Marleny, mundibwezera liti?" anafunsa bambo Crisanto ataima pachipata, chipewa chili m'manja. "Khofi wapsa. Wayamba kuyoyoka."

Mayi Eduviges sanasiye n'kusesa komwe. "Kodi khofiyo ali ndi miyendo? Adikire. Alendo anga akubwera pa Khirisimasi, ndipo manja ndili nawo awiri okha."

Marleny, mwana wawo wa zaka khumi ndi zisanu, anamva zonsezi ali pakhonde, manyazi atamugwira. Panganolo ankalidziwa. Kumudzi kwawo ku Aguablanca munthu akakugwirira ntchito umabweza ndi ntchito, tsiku kwa tsiku. Mu Januwale bambo Crisanto anatha masiku asanu ndi limodzi akusinja dothi pakati pa matabwa, kudzutsa khoma lakumbuyo lomwe linali litagumuka. Sanalandire ngakhale peso imodzi. Anangoti, "Khofi wanga akadzapsa, mudzabwere ndi madengu."

Nyumbayo anamanga ndi Evaristo, agogo a agogo ake a Marleny, ndipo chaka cha 1887 chinali chikuonekabe pamtanda waukulu wa denga. Inakhala zaka makumi awiri ili ya mileme ndi mbuzi. Bambo ake a Marleny atamwalira, mayi Eduviges anagulitsa ng'ombe zonse zitatu kuti aikonze, poti anthu a mumzinda wa Bogotá amalipira bwino kugona m'nyumba zakale.

Mkangano unabuka pa nkhani yomata khoma. Bambo Crisanto anati limatidwe ndi dothi losakaniza ndi ndowe za akavalo, kenako laimu wonyikidwa miyezi iwiri.

"Khoma la dothi limapuma," anatero. "Mukalitseka ndi simenti, madzi amalowera pansi n'kusowa potulukira."

"Limapuma? Lili ndi mphuno?" anaseka mayi Eduviges. "Ndiye alendo anga adzagone m'ndowe? Inu a Crisanto mwakalamba, ukalambawo wafika ndi m'mutu momwe."

Mayiwo anapita kutauni, ananenerera mtengo wa simenti mpaka wogulitsa anatuluka thukuta, n'kubwera ndi mmisiri wina. M'masiku anayi makoma onse anali see, oyera mbee, mawindo obiriwira. Anthu odutsa ankaima n'kujambula. Marleny naye ankanyada, asaname.

Mvula ya Novembala inabwera mwaukali. Chipinda chakumbuyo, momwe Marleny ankagona, chinayamba kununkha ngati chinangwa chovunda. Tsiku lina anagogoda khoma ndi chala, ndipo linalira ngati ng'oma.

"Amayi, khomali lili ndi mphako m'kati."

"Kagogode mabuku ako uko."

"Nanga Loweruka ndipite ndikathyoleko khofi kwa agogo Crisanto? Ali okha, ana awo onse ali kutauni."

"Makatani asoka ndani? Mkuluyo anadikira mwezi, adikiranso sabata."

Mng'alu utaoneka pansi pa windo, mayi Eduviges anaumata ndi simenti ina, n'kupakapo penti. Sabata inakhala masabata atatu. Bambo Crisanto sanabwerenso pachipata.

Lachiwiri lina masana, Marleny akuchokera kusukulu, anamva chiphokoso kuseri kwa nyumba. Chibenthu cha simenti chachikulu ngati chitseko chinali chitagwa. Pamene chinachokapo, dothi la khoma linali ngati phala, likuyenderera pang'onopang'ono. Mtanda wa Evaristo unali utapendekeka.

Mayi Eduviges anaima pomwepo, manja ali m'chiuno. Kenako analowa m'khitchini n'kutuluka ndi madengu awiri.

"Tiye."

Anakwera phiri mvula ikuwaza. Asanafike n'komwe, Marleny anamva fungo lowawasa. Pansi pa mitengo panali bii, khofi wakuda, wowola, wopondedwa m'matope. Nthambi zinali zopanda kanthu. Bambo Crisanto anali pakhonde, akusoka thumba long'ambika.

"Tabwera kudzabweza masiku aja," anatero mayi Eduviges. "Awirife, masiku atatu, zikwana. Koma mawa m'mawa mutsike mudzaone khoma."

"Mwaswera bwanji, amake Marleny?"

"Taswera. Mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva. Madenguwo mukathyolamo chiyani?" Analoza kumunda ndi singano. "Ndinathyola ndekha mpaka msana unakana. Theka linagwa. Ndi limenelo mwapondapo pobwera."

"Ndiye ndikupatsani ndalama. Nenani mtengo, koma musakweze ngati ndine mlendo."

"Masiku anga sindinagulitse. Ndinakubwerekani."

"Chabwino, tidzagwira khumi ndi awiri. Kupalira, kudula nkhuni, chilichonse."

"Ayi."

"Khumi ndi asanu!"

"Pano si pamsika, mayi."

Marleny anamva misozi ikubwera. Anaika dengu pansi n'kuyandikira. "Agogo, chonde. Nyumba ija ikagwa, tilibenso china. Ng'ombe zinapita."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope yake itafewa pang'ono. "Mwana wanga, khoma limenelo ndinalisinja ndi manja awa. Ukuganiza kuti sizikundiwawa? Koma lamwa madzi miyezi isanu ndi itatu, palibe mmisiri angalipulumutse. Ndipo amayi akowa pakhomo pawo sindidzapondanso. Thamangani mukatulutse katundu m'chipinda chakumbuyo. Usagonemonso."

Anaweramira thumba lake, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Anatsika phiri mothamanga. Anatulutsa bedi, matiresi atsopano a alendo, ndi bokosi la mabuku a Marleny. Akubwerera kukatenga makatani, nyumba inabuula ngati ng'ombe yodwala. Khoma lakumbuyo linakhala pansi lonse nthawi imodzi, matailosi a denga n'kulitsatira. Phokoso litatha, mvula inali kugwera m'chipinda cha Marleny, ndipo mtanda uja unali m'matope, nambala ziwiri zokha za chaka chija zikuoneka.

Anansi anabwera, anaima patali, anagwedeza mitu. Wina anati, "Zaka zoposa zana nyumbayi inaima ndi ndowe zomwezo." Mkazi wake anamugunda ndi chigongono.

Mayi Eduviges anawerama n'kutola chibenthu cha simenti. Chinali chosalala, choyera, cholimba ngati tsiku lomwe anachimata. Anachitembenuza kawiri, kenako anachiika pansi pang'onopang'ono.

"Alendo aja tiwauza chiyani?" anafunsa Marleny.

"Zoona. Kuti nyumba yagwa."

Marleny anatola madengu awiri aja, omwe anali atanyowa ndi mvula pakhonde, n'kuwakung'untha. "Awa ndikaike kudenga la khitchini?"

"Uwaike pafupi, poonekera."

"Koma agogo Crisanto akana, amayi."

"Akana kubwera kuno. Sananene kuti khofi sadzapsanso." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya epuloni, ndipo Marleny sanadziwe ngati inali mvula yokha. "Tenga fosholo. Mtanda wa agogo ako usagone m'matope."