Maliro Opepuka a ku Setzol

Madzulo amene zinayamba, Crisanto Tiul anali kuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba, mkazi wake Herlinda akuumba m'manja matotiya, tizitumbuwa topyapyala ta chimanga. Nkhani iyi si yokoma, ndipo mwini wake wakhala nayo pakhosi zaka zambiri.

Chaka chimenecho kadamomu anakwera mtengo ngati wapenga. Timbewu tonunkhira timene makolo ankangoti n'togulira mchere tinasanduka golide. Crisanto anali ndi munda waukulu kuposa onse ku Setzol, choncho anagona wosauka nadzuka ali ndi ndalama zosowa pozibisa. Anagula ng'anjo yowumitsira kadamomu, ya chikupizira cha injini. Matumba asanu a mbewu yaiwisi akalowamo limatuluka limodzi, koma limodzilo ndiye la ndalama. Ndalama zotsala zonse anagulira zokolola za anzake, nawumitsa, naunjika m'chipinda kudikira kuti mtengo ukwerebe.

Kwathu kuno chinthu chatsopano timachidyetsa. Nyumba, mlatho, ng'anjo, timazipatsa magazi a nkhukundembo, chakumwa cha koko ndi lubani, n'kuziuza kuti, wadya, usadye anthu. Crisanto anali pa liwiro la ndalama, ng'anjo yake sanaidyetse.

Nkhuni zisanathe kuwazidwa, panaima galimoto ya Fidencio, venda wa kutauni. Anati mtengo watsika.

"Watsika bwanji?"

"Anthu anu omwewa, bwana wa dzulodzulo. Akugulitsa ngati nyumba ikupsa. Katundu akachuluka, mtengo umagwada."

Crisanto sanapite patali ndi sukulu. Mawuwo anawamva theka, nayesa kuti msika umathera pa mlatho wa Setzol. Anansi akangosiya kugulitsa, basi mtengo udzuka. Anawachonderera, iwo anamuseka kuti iye ana ake akhuta. Ndipo anawoloka mtsinje kupita kwa Eleuterio, nkhalamba yamatsenga ya makandulo akuda.

"Ng'anjo yako ili ndi njala," inatero nkhalambayo. "Kailonjeze chakudya, idzakugwirira ntchito."

Dzuwa likulowa, Crisanto anagwada pakamwa pa ng'anjo, nayatsa kandulo, nanong'ona kuti, "Aliyense wa m'Setzol wogulitsa kadamomu ndi wako." Mumtima ankati mwina angodwala pang'ono, achite mantha. Limenelo linali bodza, ndipo iye ankadziwa.

Woyamba anali Macario Pop, yemwe anamugwirira mwana paubatizo. Anagulitsa matumba awiri Lachisanu. Loweruka anayamba ludzu, namwa mtsuko wonse, napempha wina. Lolemba anamwalira, khungu litauma ngati makoko a chimanga, nyumba yonse ikununkha kadamomu ndi utsi. Amuna anayi atanyamula bokosi, linauluka m'manja mwawo mpaka kutsala pang'ono kuligwetsa.

"Muli munthu muno?" anafunsa mmodzi.

"Khala chete, yenda."

Anatsatira mayi wamasiye Dominga, kenako anyamata awiri apachibale a kumtunda. Onse ludzu, onse fungo lomwelo, onse opepuka ngati thumba limodzi lotsala pa asanu. Kukayamba mdima anthu ankamva chikupizira cha ng'anjo chikulira chapansipansi, wuu, wuu, pamene injini inalibe mafuta ndi dontho lomwe. Agalu ankalowa pansi pa mabedi. Kuchitsime amayi ankanong'onezana, ena akuti phiri lakwiya, ena akuti ndalama za mavenda n'zokhwimira. Pomaliza anazindikira okha kuti amene akufa ndi amene agulitsa. Magalimoto anayamba kubwerera opanda kanthu.

Mtengo unapitirira kutsika.

"Simunati akasiya ukwera?" Crisanto anamugwira Fidencio mkono.

Venda uja anaseka mpaka kutsokomola. "Setzol n'chiyani, mdala? Midzi chikwi ikugulitsa. Ogula ali kutsidya kwa nyanja, sadziwa n'komwe kuti kuno kuli anthu. Gulitsani lero, mawa ndikupatsani theka."

Crisanto anatsegula pakamwa kuti avomere, koma mawu ake aja anamubwerera. Aliyense wa m'Setzol. Iyenso mchombo wake unakwiriridwa m'Setzol momwemo.

Anathamangira kutsidya atanyamula nkhukundembo yonenepa. Eleuterio sanaiyang'ane n'komwe.

"Chimene chalawa munthu sichibwerera ku nkhuku. Pita nayo ukadye ndi mkazi wako."

Anayesa kugumula ng'anjo, nyundo inkangodumpha, njerwa zili zofunda ngati mimba ya nyama. Kuthawa sakanatha, chuma chonse chinali m'matumba aja. Mvula inabwera, mbewu zinayamba kusuluka, kubiriwira kusanduka chikasu, m'makona mukumera nkhungu. Chimanga chinatha m'nyumba. Rosenda, mwana wawo wamng'ono, ankagona akuyamwa chala.

"Bambo a Rosenda, tifa ndi njala titakhalira chuma," anatero Herlinda.

"Usakhudze matumbawo."

"Nanunso mwagwa m'zamiseche za kuchitsime? Macario anali ndi shuga, aliyense akudziwa."

"Ndati usakhudze."

Pamenepo akanamuuza. Mawu anafika pamilomo, koma anawona nkhope ya mkazi amene analira pamaliro a Macario, ndipo manyazi anamutseka pakamwa. Pa zoipa zonse zimene anachita, chimenechi ndiye chimamuluma kwambiri.

Patapita masiku atatu, pochokera kumunda, anamva fungo la matotiya akupsa. Patebulo panali shuga ndi nyemba. Rosenda anali kudya ndi manja onse awiri. Crisanto analowa kuchipinda, napeza thumba limodzi litasokedwa ndi ulusi watsopano.

"Kadengu kamodzi kokha," anatero Herlinda ali pakhomo, akumwetulira. "Ndimati simuzindikira."

Kuseri kwa nyumba chikupizira chinayamba, wuu, wuu.

Herlinda anagwira pakhosi. "Tanditungireniko madzi, bambo. Kukhosi kwandiuma."

Anatunga. Anatunga masiku awiri osapuma, akumuuza zonse, koma sakudziwa ngati mkaziyo anali kumvabe. Mudzi mpaka lero umati linali phiri lokwiya lija. Matumba aja anawolera m'chipinda momwemo, ndipo ng'anjo ikadalipo, yofunda.

Tsiku la maliro amuna anayi anabwera kudzanyamula. Crisanto anawauza kuti asavutike. Ananyamula yekha mkazi wake mpaka kumanda, ndipo dzanja limodzi likanakwana.