Tcheni cha Njinga ya Nangozo

M'chaka cha 2074, munthu akafuna njinga ku Balaka ankangoima pakhomo pa sitolo ya Liwiro. Kuwala kobiriwira kunkamuyenda thupi lonse, kenako makina otchedwa Mpimi ankamuumbira njinga yomuyenera m'mphindi zisanu, yosafuna tcheni kapena bawuti. Masitolo oterewa analipo mazana awiri m'dziko lonse.

Nangozo, telala wa pamsika, anafika pakhomopo tsiku lina pa njinga yake yopalasa ndi manja, tcheni chake chitalumikizidwa ndi waya. Miyendo yake inapuwala ali mwana.

"Takulandirani. Imirirani kuti tikupimeni," anatero Mpimi.

"Sindingathe kuimirira. Ndiitanireni munthu ndilankhule naye."

"Muno mulibe munthu." Kuwala kunamudutsa kawiri. "Pakhomo sitikuonapo kasitomala. Mwini katunduyu amuchotse, ena adutse."

Anthu a pamzere anangozyolika. Nangozo anatembenuza njinga, misozi ili m'maso.

Njingayo anamuwotcherera a Kaliwo, makaniko amene kale anali ndi kashopu kuseri kwa msika. Iwo ankayamba anjuta kuti alankhule naye maso ndi maso, n'kufunsa, "Mapewa akupweteka pati, achemwali?" Koma makasitomala onse atathamangira ku Liwiro, kashopuko kanatsekedwa.

Nangozo anapalasa mpaka kunyumba kwa a Kaliwo. Waya uja anaduka kawiri m'njira, kachitatu anadukira pabwalo pawo penipeni.

A Kaliwo anachitembenuza tchenicho m'manja nthawi yaitali, kenako anatulutsa bokosi la zida zawo. Munali masipanala okhaokha.

"Chatheratu ichi, achemwali. Chomaliza chimene ndinasunga ndinaikira a Jasi, a mwendo umodzi aja. Mafakitale anasiya kupanga matcheni."

"Nanga ife anatiiwala?"

"Ndinawalembera kalata a Liwiro. Anandiyankha kuti Mpimi wapima anthu mamiliyoni, ndipo sanapezepo ndi mmodzi yemwe wofuna njinga ya manja. Mafakitale amapanga zokhazo zimene Mpimi wanena."

"Koma ndinali pakhomo pake lero lomwe!"

"Amawerenga okhawo amene wawapima." A Kaliwo anapukuta manja pa buluku, ngakhale analibe girizi. "Ndikanakhala ndi chitsulo chake ndikanasula ndekha. Pepani. Manjawa alipo, chogwira ndiye palibe."

Anamukankha okha mtunda wonse mpaka kunyumba kwa Nangozo, akupumira m'njira chifukwa cha ukalamba. Pofika anamuthandiza kutsika, n'kuimika njingayo pansi pa mtengo wa mango.

Nangozo anadikira mwezi wathunthu, akumaganiza kuti mwina kwinakwake kupezeka tcheni chakale. Sichinapezeke. Malo ake pamsika anapatsidwa wina, ndipo amene ankasoketsa kwa iye anazolowera telala watsopanoyo. Mvula itayamba, dzimbiri linagwira njinga ija.

Palibe amene anamuthamangitsa m'tauniyo. Dziko linangopita patsogolo, iye n'kutsala pakhonde.