Ndege ya amalume Shawki

Wagdi anatuluka pageti la nyumba yosungiramo ndege zakale anthu atapemphera kale pemphero lomaliza la tsikulo, minibasi yotsiriza itapita. Wolakwa anali iye mwini. Mwa ojambula zithunzi onse a m'tauni yathu, Wagdi yekha ndiye ankadzitama ndi kalenzi kake kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo, kosatha kukokera chinthu pafupi kapena kuchikankhira kutali. "Lenzi yanga ndi miyendo," ankatero. "Ndikafuna pafupi ndimayenda." Tsiku limenelo matamawo anamuthera. Ndege imene anadzera inali pakona ya shedi, ndipo pobwerera m'mbuyo kuti ilowe yonse m'chithunzi, msana unagunda khoma mchira usanalowe.

Chithunzicho ankajambulira amalume ake, a Shawki, amene anaiyendetsa ndegeyo zaka khumi ali mnyamata. Tsopano anali chigonere, ndipo dokotala anali atauza banja m'mawa womwewo kuti liitane abale. "Ndikuifuna yonse, kuyambira mphuno mpaka mchira," anatero nkhalambayo. "Usandibweretsere nthulinthuli ngati nyama ya pabutchala."

Choncho Wagdi anadikira alendo onse achoke, n'kuchonderera mlonda, a Sobhi, kuti atsegule chitseko chachikulu cha shedi kuti ajambulire panja. Chitsekocho chinali ndi dzimbiri, chinawadyera maola awiri. Koma chithunzi chinatheka, ndege yonse yathunthu pansi pa magetsi.

"Gonani konkuno, bwana wa miyendo," anatero a Sobhi akupukuta thukuta. "Tiyi alipo, mkeka ulipo. Msewu uwu usiku sitiyendamo ife."

Foni inalira. Anali mayi ake, a Nawal. "Uli kuti kodi? Mpweya ukuwachepera. Akungofunsa iwe."

Wagdi anakoleka kamera m'khosi n'kuuyamba.

Msewuwo umadutsa pakati pa ngalande ndi mpanda wa bwalo lakale la ndege, kenako umakhota pamanda pamene ankaikapo anthu a pabwalopo. Aliyense kwathu, ngakhale mwana, amadziwa kuti pamanda sudutsa chete. Umachepetsa liwiro n'kunena kuti, "Mtendere ukhale nanu eni nyumba zino, ifenso tikubwera komweko." Wagdi ankawadziwa mawuwo, koma mtima wake unali kale pabedi la amalume. Anadutsa pachipata cha manda ali liwiro, mumdima wa ndiweyani, osatsegula pakamwa.

"Ukhalenso nawe mtendere."

Anaima. Mawuwo anachokera kumbuyo kwake. Iye sanapereke moni... nanga akumuyankha ndani?

Achule a m'ngalande anasiya kulira. Kunangoti zii.

Kenako mapazi. Olemera, osafulumira. Fungo la girizi ndi mafuta a ndege linamupeza munthuyo asanafike. Anali bambo wamfupi wojintcha, wovala ovolosi, sipanala ili m'thumba la pachifuwa. Nkhope sinkaoneka bwino.

"Pepani bambo," anatero Wagdi. "Ndili pachangu, kunyumba kuli matenda."

"Ndikudziwa. Tiye, ndikuperekeze."

Anayenda limodzi. Wagdi akaonjezera liwiro, munthuyo sankatsala, komanso sankapuma mwawefuwefu. Sankapuma n'komwe! Wagdi anatchera khutu. Mpweya umene unkamveka unali wake wokha.

"Taonetsa ndegeyo."

Wagdi anali asanamuuze mlendoyo za ndege. Komabe anayatsa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Kuwala kunagwera pa dzanja la mlendoyo. Lakuda. Khungu lokwinyika, lokhakhala ngati khungwa la mtengo wopsa. Chala chinayenda pachithunzicho pang'onopang'ono, kuchoka kumphuno, pansi pa phiko, mpaka pagudumu.

"Aipenta molakwika," anadandaula. "Koma ili bwino. Ili bwino ndithu."

Kuzizira kunamulowa Wagdi m'mafupa. Anafuna kunena pemphero lililonse, koma onse anamuthawa m'mutu.

Pamlatho wolowera m'tauni munthuyo anaima ngati wafika pamalire.

"Ine ndithera pano. Ukawauze a Shawki kuti ndege yakonzeka. Mafuta ndathira, miyala ya kumagudumu ndachotsa. Ndaima padzuwa nthawi yaitali."

"Ndikati... ndikati wanena ndani?"

Wagdi anacheuka. Msewu wokha! Uku mpanda wautali, uku madzi, pobisala panalibe. Achule anayambiranso kulira onse pamodzi, ndipo iye anati phazi thandize.

Anafika kunyumba malaya ali chonyowa. M'chipinda munali modzaza abale, wina akuwerenga mawu opatulika chapansipansi. Amalume anali moyo. Wagdi anagwada pambali pa bedi, chimwemwe chitaposa mantha, n'kuwaikira kamera pafupi ndi maso. Za panjira anatsimikiza kuzimeza. Uthenga wotere sapatsira wodwala.

A Shawki anayang'ana nthawi yaitali. "Ndi yomweyo," ananong'ona. "Mpaka mchira. Wayesetsa, mphwanga." Kenako anakweza mphuno ngati akusaka chinthu m'mwamba. "Ukununkha girizi. Wakumana ndi ndani?"

"Palibe, amalume. Ndi chitseko cha kushedi chija."

"Girizi wa chitseko ndi wa ndege ndimawasiyanitsa. Usanamize munthu amene ali paulendo. Wakumana ndi ndani?"

Wagdi anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ananso pansi. Kenako anafotokoza zonse: ovolosi, sipanala, dzanja lopsa lija, ndi mawu a pamlatho monga anawamvera.

Wowerenga uja anasiya kuwerenga. A Nawal anagwira pakamwa.

"Ramzi," anatero a Shawki, ndipo anaseka pang'ono, kuseka kumene banja linali lisanakumve chiyambire matenda. "Makaniko wanga ameneyo. Waliuma ngati bulu. Moto unabuka tikuthira mafuta, iye anandikoka m'ndege n'kubwererako kukatseka paipi. Zaka makumi anayi ndi zisanu zapitazo. Ndinanyamula nawo maliro ake mpaka pamanda wadutsa aja."

"Achimwene, musamvere zimenezo," analira a Nawal. "Mwanayu watopa, mdima wamuzunguza mutu."

"Mlongo wanga, iwe wakhala ukudabwa kuti ndikulimbira chiyani masiku onsewa. Woyendetsa ndege sanyamuka yekha. Zaka khumi zonse zija sindinachokepo pansi Ramzi asanati yakonzeka."

Wagdi anamva chisoni chimene sanachimvepo. Anathamanga mtunda wonsewo kuti awapeze amoyo, osadziwa kuti wanyamula chimene ankadikira kuti apite. "Mundikhululukire amalume," anatero misozi ili chuchuchu. "Ndikanangokhala chete."

"Ukanamuimika padzuwa tsiku linanso. Tenga kamera yakoyi." Anamubwezera ndi manja awiri. "Tsopano nditembenuzeni, ndiyang'ane kumzinda woyera wa Makka, nthawi yanga yakwana."

Palibe anasuntha. Amuna akuluakulu anangoti ndwii, aliyense kudikira mnzake. Anadzuka ndi Wagdi, nalowetsa mikono pansi pa mapewa opepukawo, n'kuwatembenuza.