Tsitsi la M'bulochi ya Agogo Helen

Kunyumba kwa Mayi Edna ku Sparkhill, kuno kudziko la azungu, kunali kwamtendere, kopemphera, kosasowa kuseka. Mayiwa ankasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo viza yawo ndi ya mwana wawo Chiso, mnzathu wa m'kalasi, zinkadalira ntchito yomweyo. Ankamuchenjeza kawirikawiri kuti pantchito imeneyi ukangotchedwa wakuba, zako zatha.

Loweruka lina, Chiso akuchapa yunifolomu ya mayi ake, anapeza m'thumba kaphini kakale kokongoletsa pachifuwa, kamene kuno amati bulochi. Kanali kakuda bii, pakati pali kagalasi, m'kati mwake muli timaulusi tofiirira tolukidwa mwaluso. M'malo mokapereka, anakajambula n'kutumizira Tamara, mnzake wa kukwaya amene amagulitsa zinthu zakale pa intaneti.

Tamara anaimba foni nthawi yomweyo. Anati zakale zoterozo azungu amazilimbirana, koma ayambe wadziwa kuti n'zopangidwa ndi chiyani, chifukwa ukalemba kuti mwala pomwe ndi pulasitiki, ogula amakubwezera n'kukuyalutsa. Anamuuza kuti akagogode pa dzino: kakazizira n'kulira ngati kapu, ndiye kuti ndi galasi. Chiso anagogoda, ananunkhiza, mpaka ananyambita. Sikanazizire, ndipo kanali kopepuka zedi.

"Nanga mwini wake akakafuna?" anafunsa Chiso.

"Iwe, agogo amenewo amakumbuka n'komwe kuti adya chiyani m'mawa? Usakhale mbuli."

Madzulo foni ya mayi ake inalira. Anali abwana awo. Ana a Agogo Helen, mmodzi wa okalamba aja, anali atadandaula kuti bulochi yasowa, ndipo wotsiriza kuwasambitsa anali Mayi Edna. Abwanawo anawauza kuti asapite kuntchito mpaka nkhaniyo itafufuzidwa. Apo m'pamene anakumbukira kuti anawavula agogowo kaphiniko posamba n'kukaponya m'thumba. Anagwedeza yunifolomu, anapisa mkono m'makina ochapira, anakwawa pansi pa bedi.

"Chiso, mwanawe, tandiyang'ana. M'thumbamu munalibe kanthu?"

Chiso anayankha m'Chingerezi, maso ali pafoni, kuti sanaone kanthu. Bulochi inali m'sokosi yake, ikumukanda mwendo.

Lolemba ataweruka kusukulu, iye ndi Tamara anapita ku Jewellery Quarter, dera la masitolo a ndolo ndi mphete, kwa bambo wina wogula zakale. Bamboyo anakayang'ana ndi galasi lokulitsa nati chakudacho ndi jeti, mwala wopepuka wochokera ku mitengo yakalekale. Koma timaulusito si siliki ayi. Ndi tsitsi la munthu womwalira. Anthu akale kuno ankaliluka n'kumalivala polira maliro. Kenako anafunsa kuti akatenga kuti.

Chiso anakumbukira kuti anali atakanyambita. Anatolera kaphiniko n'kutuluka osatsanzika.

"Tsitsi la maliro? Chithumwa chimenecho," anatero Tamara akubwerera m'mbuyo. "Wanyambita za mfiti, mwana iwe. Taya m'ngalande, ndipo usandiyandikire nacho." Anakwera basi n'kumusiya yekha.

Chiso anaima pamlatho wa ngalande. Ankaopa kukagwira, ankaopa kukasunga. Atatambasula dzanja pamwamba pa madzi akudawo, anazindikira kuti kakangomira, mayi ake akhala akuba mpaka kalekale pamaso pa anthu onse. Anakakulunga m'tishu n'kuthamanga.

Anawapeza mayi ake atakhala m'khitchini, tiyi atazizira. Anagwada n'kufunyulula tishu uja. Mayi Edna sanakalipe. Anangoti, "Vala jekete. Ukanene wekha."

Pamaso pa abwana ndi ana a agogowo, Chiso ananena zonse. Agogo Helen anakafumbata kaphiniko n'kunena kuti si mankhwala ayi, ndi tsitsi la agogo a agogo awo, ndipo n'chokhacho chimene chinatsala cha iwo. Chiso analira mpaka mphuno.

Ndiye tamverani nkhani yabwino, anzanga, ine mtima ukungodumpha: dzulo Mayi Edna abwerera kuntchito! Abwana awachenjeza mwamphamvu, ndipo awachotsa kwa Agogo Helen, komwe ankakukonda kwambiri, koma ntchito ilipo, viza ilipo, Chiso tikhala naye m'kalasi.

Koma kunatsala pang'onong'ono. Chinthu cha mwini musachibise, ngakhale chichepe bwanji, ndipo mnzanu wokuuzani kuti palibe adziwe ndi amene adzayambe kukwera basi zinthu zikavuta.